Lamba wa Tsabola

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza chifukwa cha chigayo. Kwathu ku Ngokwe amalume anali ndi chigayo cha dizilo, ndipo ine ndinatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikuchiyendetsa, kuchimasula ndi kuchimanganso, malipiro ake ufa ndi zikomo. Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatira kale Patuma, tili ndi mwana mmodzi wamwamuna.

Tsiku lina, nyengo yogula thonje, lole ina inafera pafupi ndi chigayocho. Dalaivala anayesa zonse zomwe ankadziwa, kenako anatumiza uthenga ku Balaka kwa mwini galaja amene ankakonza loleyo. Mwini galajayo atafika patatha masiku awiri, anapeza lole ikulira. Ndinali nditatsuka sefa yomwe inatsekeka ndi zinyalala, n'kuchotsa mpweya m'mapaipi a dizilo.

Munthuyo anali a Chilombe, bambo wamtali wa imvi m'ndevu, ovolosi yawo yoyera kuposa mkanjo wanga wa Lachisanu. Anaizungulira lole ija akumvetsera injini. Kenako anandigwira dzanja n'kulitembenuza kuti aone chikhatho.

"Dzina lako?"

"Saidi, bwana."

"Unaphunzira kuti zimenezi?"

"Pachigayo pompano."

"Ndiye ukufuna kukalambira pachigayo? Bwera ku Balaka Lolemba."

Munali m'zaka za m'ma 1970, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Ndinatenga khadi langalo, masipanala anga asanu ndi mphasa, ulendo wa ku Balaka.

Galaja ya a Chilombe inali kufupi ndi siteshoni ya sitima. Linali denga la malata pa mizati yachitsulo, dzenje loimamo poyang'ana kunsi kwa galimoto, ndi kaofesi komwe makiyi ake ankasunga okha. Zobwera zambiri zinali malole a thonje ndi mathirakitala. Ndisaname, munthu uja anandiphunzitsa ntchito. Anandionetsa kuyeza mpata wa mavavu, titseko ta mu injini, ndi geji, timalata topyapyala tokhala ngati masamba a buku. Anandiphunzitsa kuti pomanga hedi, chivindikiro chachitsulo cha pamwamba pa injini, umayamba mabawuti a pakati n'kumapita kunja, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Ankatenga chitsulo chachitali, mbali ina kugunditsa pa injini ina kukhutu, n'kukuuza chomwe chikudwala asanamasule kanthu. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja kuti ndiitanitse banja langa. Mwana wathu atadwala malungo, ndi iwowo anatithamangitsira kuchipatala. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho mumtima ndinawaika a Chilombe pamalo pomwepo.

M'Balaka monse munali magalimoto awiri amene anthu ankasiya zochita kuti awaone akamadutsa, ndipo onse awiri ankakonzetsedwa kwa ife.

Yoyamba inali ya Che Amidu, wamalonda wa ku Ulongwe wogula chimanga ndi nandolo. Anaigula kwa mzungu wina wa ku esiteti amene ankabwerera kwawo. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yopangidwa ku Italy, yotsika moti munthu unkakhala ngati wakhala pansi. Injini yake inali yaing'ono, ya masilinda anayi, koma ya makabuleta awiri osakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ikadzuka inkalira mokwiya. Anthu anaitcha Tsabola.

Yachiwiri inali ya a Namakhwa, omanga nyumba za boma, amenenso anali wapampando wa chipani m'dera lathu. Iyi inali yobiriwira, ya ku Mangalande, ya masilinda asanu ndi imodzi, mipando yachikopa, mphuno yaitali. Anthu anaitcha Ng'ona.

Mkangano wa magalimoto awiriwa sunkatha. Kumsika, kusiteshoni, pabawo, anthu amene sanagwirepo chiwongolero ankatsutsana mpaka kutukwanana. Ena ankati Ng'ona ndiye galimoto, poti injini yake ndi yaikulu ndipo ikamathamanga sumva ngakhale bampu. Ena ankati kukula si kanthu, Tsabola ndi yopepuka, ikanyamuka Ng'ona imatsala ikufunafuna giya. Mkanganowo unalinso ndi zina m'kati zosanenedwa: a ku mzikiti ambiri ankakonda Tsabola, a kutchalitchi Ng'ona.

Ine ndinawafunsa a Chilombe kuti yoposa ndi iti, tsiku lina tikudya chinangwa masana.

"Ng'ona ndi yokhululuka," anatero. "Uyiiwale mwezi wathunthu, idzayendabe. Tsabola sikhululuka. Koma ikapeza dzanja loidziwa, palibe choigwira kuno. Galimoto yabwino ndi imene ili ndi makaniko wabwino, Saidi."

Dzanja loidziwalo linakhala langa. Makabuleta awiri aja ankafuna kuti azikoka mpweya mofanana, apo ayi injini inkanjenjemera. Ndinkatenga kapaipi ka labala, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa kabuleta, kumvetsera kulira kwa mpweya, kupotoza sikulu pang'ono, kumvetseranso inayo, mpaka mawu awiriwo akhale amodzi. A Chilombe anavomera kuti khutu langa laposa lawo. Che Amidu anafika poti sankalola wina aliyense kutsegula boneti yawo. Anali munthu wamkulu ndi wolemera, koma ankanditchula Che Saidi, ndipo akabwera ankanditengera nandolo wa ana.

Tsiku lina eni ake awiriwa anakumana pagalaja pathu, wina akudzatenga yake wina akudzasiya. Anapatsana moni bwinobwino. Kenako a Namakhwa anagogoda denga la Tsabola ndi chala.

"Kachitini aka, Che Amidu, mumakwanamo bwanji?"

"Ndimakwana, achimwene. Kungoti ndikafika sindikhala ndi wocheza naye, ena amakhala akadali m'njira."

Anthu omwe analipo anaseka, ndipo kusekako ndiko kunaononga zinthu. A Namakhwa sanaseke. Anati Loweruka likubwerali, m'mawa, anyamukire limodzi pagalaja mpaka pamlambe wa pamsika wa Ulongwe, aone amene akadikire mnzake. Sanautche mpikisano, anati n'kuyesa injini. Apolisi sakanafunsa kanthu poti mwini nkhani anali wapampando.

Sabata imeneyo a Chilombe anatenga Ng'ona, ine anandisiyira Tsabola. Ndinasintha oyilo ndi mapulagi, ndinayeza mavavu, ndinatsuka rediyeta mpaka madzi kutuluka oyera. Lachinayi ndinaona kuti lamba wa fani wayamba kung'aluka m'mbali. Lamba ameneyu ndi amene amazunguza fani ndi pampu ya madzi oziziritsa injini. Akaduka, injini imapsa. Ndinawauza a Chilombe, iwo anatsegula kaofesi n'kundipatsa watsopano, zilembo zake zoyera zikuoneka. Ndinamuika, ndinamukoka mpaka pomukanikiza ndi chala ankangolowa pang'ono. Wakaleyo ndinamukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko.

Loweruka ndinadzuka ndi chimwemwe. Magalimoto onse awiri anagona pagalaja. Ndikuti ndiyambe kuyang'ana Tsabola komaliza, a Chilombe anandiitana.

"Thamangira kusiteshoni. Pali bokosi la zitsulo labwera pa sitima ya dzulo."

"Bwana, sindinaonemo m'galimoto."

"Pita, ubwera msanga."

Kusiteshoni kalaliki anafufuza m'mabuku ake, anapita kosungira katundu, anabwerako. Bokosi kunalibe. Pobwerera ndinapeza anthu atadzaza pagalaja, ena atakwera kale lole kupita ku Ulongwe kukadikira. Tsabola inali panja, boneti yotseka, a Chilombe akupukuta manja ndi kansalu. Ndinafika n'kugwira chotsegulira boneti.

"Ndaonamo ndekha," anatero. "Madzi, oyilo, zonse zili bwino. Nthawi yatha, lowa."

Dzanja langa linali pachotsegulira paja. Ndinalichotsa. Anali a Chilombe, munthu amene anandiphunzitsa kuyang'ana; ndikanayang'ananso chiyani pambuyo pawo?

Mwini aliyense anayendetsa yekha. A Namakhwa anatenga dalaivala wawo kukhala pambali, Che Amidu anatenga ine. A Chilombe anati azitsatira pambuyo ndi kalole ka galaja, chingwe chokokera chili m'mbuyo, kuchitira mwina.

Ponyamuka Ng'ona inatsogola, chifukwa Che Amidu anachita mantha ndi anthu omwe anaima m'mbali mwa msewu. Titatuluka m'tauni ndinawauza kuti asafulumire kusintha giya, ailole injini ikwere mawu kaye. Anandimvera. Tsabola inakuwa, mpando unandikankha kumsana, ndipo mphuno yaitali ija inayamba kubwerera m'mbuyo pawindo langa. Ndinaona nkhope ya a Namakhwa, mano ali gwa. Pamsewu wowongoka Ng'ona inkayandikira, ndithu inali ndi mphamvu. Koma pakhota lililonse inkayenera kuponda mabuleki msanga chifukwa cha kulemera, pamene ife tinkangolowa ngati tamatidwa pansi. Pofika pamphambano pomwe tinakhotera kumpoto kulowera ku Ulongwe, kumbuyo kunalibe ngakhale fumbi lake.

Che Amidu ankaseka ngati mwana, akumenya chiwongolero. "Che Saidi! Manja anuwo Mulungu awasunge!"

Sitinapite patali. Ndinamva phokoso kutsogolo, ngati chikwapu chamenya chitsulo, ndipo kanyale kofiira kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Ndinadziwa pomwepo.

"Imani, Che Amidu! Lamba waduka!"

"Iyayi, Ulongwe ndi apo!"

"Injini ipsa! Imani!"

Sanaime. Muvi wa kutentha unakwera ndikuuona, kudutsa pakati, kulowa pofiira. Injini inayamba kugogoda, mphamvu inatha, ndipo nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti n'kuphimba galasi. Tinaima pambali pa munda wa thonje, mlambe wa Ulongwe usanaoneke n'komwe.

Patapita kanthawi Ng'ona inadutsa ikuliza hutala, dalaivala uja atatulutsa dzanja kutibayibitsa.

Ndinakulunga dzanja ndi malaya n'kutsegula boneti. Madzi ankatuluka pakati pa hedi ndi injini, kusonyeza kuti hedi yapindika ndi moto. Lamba anali atakodwa kunsi kwa fani. Ndinamutulutsa n'kumuyang'ana. Sanali watsopano uja. Anali wakale, wong'aluka m'mbali, amene ndinamukoleka ndekha pamsomali. Ndipo sanaduke chifukwa cha ukalamba. Lamba woduka yekha amanyenyeka, ulusi uli yakayaka. Uyu anali wochekedwa ndi mpeni kuchokera m'kati, mosalala, kungosiya kachikopa kakunja koti kagwire mamailosi angapo.

Ndinawapatsa Che Amidu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, anapitisa chala pochekedwapo, n'kundibwezera.

Kalole ka galaja kanafika, kumbuyo kutadzaza anthu. A Chilombe anatsika, anasuzumira mu injini, n'kundilanda lamba uja m'manja. Anamukweza m'mwamba kuti onse aone, chala chawo chachikulu chitaphimba pochekedwa paja.

"Taonani! Lamba wakale! Lachinayi ndinam'patsa watsopano munthu uyu, ndi manja angawa. Saidi, wam'gulitsa kwa ndani?"

Poyamba sindinamve n'komwe kuti akunena ine. Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali Saidi wina.

"Bwana," ndinatero, "boneti mwatseka ndinu m'mawa uno."

"Ukuti chiyani?"

"Munanditumiza kusiteshoni. Bokosi kulibe."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anakuwa kuti wakuba, wina nayenso. A Chilombe anandigwira pamkono ngati akufuna kundilanditsa kwa anthuwo, n'kundikokera kuseri kwa kalole. Kumeneko mawu awo anatsika, anakhala ofatsa ngati masiku onse.

"Tamvera, mwana wanga. Ukuganiza kuti wapampando akanachita manyazi pamaso pa Ulongwe yense, galaja ija ikanaona Lolemba? Iwe ndi ine tikanagona kuti? Ndapulumutsa tonse."

"Ndiye munene kuti lamba waduka yekha."

"Anthu anandiona ndikutulutsa watsopano. Payenera kukhala munthu." Anapukuta thukuta pamphumi. "Ukatsegula pakamwa, ine ndikanena kuti umanyoza wapampando pagalaja, umati chipani chimayenda ngati Ng'ona. Mwana wako adzakula osakudziwa. Wamva?"

Mawu amenewo sindinawanenepo. Koma masiku amenewo zinalibe ntchito kuti unanena kapena sunanene. Tonse tinkadziwa anthu amene anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, osabwerako.

Ndinayang'ana kwa Che Amidu. Anali atafulatira, akuyang'ana munda wa thonje.

Galimoto yokokedwa imafuna munthu pachiwongolero. Che Amidu anakwera kutsogolo kwa kalole, ndipo Tsabola anaisiyira ine. Ulendo wonse wobwerera ku Balaka ndinali kumapeto kwa chingwe, injini ili zii, ndikuponda mabuleki kuti chingwe chisakhwepe, monga anandiphunzitsira iwo omwe. Kutsogolo ndinkaona nkhongo ya a Chilombe pagalasi la kalole, ndi nkhope za anthu okhala kumbuyo zikundiyang'ana. Wina anandiponyera khoko la nzimbe. Ndinayendetsa bwinobwino mpaka kukafika, osagunda kalole ngakhale kamodzi. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake ndinasamala chotero.

Masana omwewo anandichotsa ntchito. Masipanala anga asanu anawatsekera mu ofesi, ati m'malo mwa lamba. Anatipatsa masiku awiri kuti tituluke m'kachipinda kaja. Nditamufotokozera Patuma, sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga Che Amidu sanaone?"

Funso limenelo linandipatsa chiyembekezo. Lachisanu lotsatira ndinapita ku Ulongwe, ndinaswali nawo mumzikiti umodzi, ndipo titatuluka ndinawatsatira kusitolo kwawo. Anandilowetsa kuseri, pakati pa matumba a nandolo, n'kutseka chitseko.

"Che Amidu, lamba uja munamugwira ndi manja anu."

"Ndinamugwira."

"Munaona mpeni."

"Maso ndili nawo, Che Saidi. Ndikudziwa kuti si inu."

"Ndiye kaneneni kwa anthu. Inu akumverani."

Anakhala pathumba, anavula chisoti n'kumachitembenuza m'manja.

"Pamene tinaima paja, Ng'ona n'kudutsa, mukudziwa chomwe ndinamva mumtima? Mpumulo. Ndinali nditaledzera ndi liwiro, osaganiza za mawa. Ndikanafika woyamba pamlambe, chilolezo changa chogulira mbewu chikanatha chaka chomwechino. Mwina ndi ine ndemwe." Anandiyang'ana. "Ndikanena kuti lamba anachekedwa, afunsa kuti anachekera ndani. Ndili ndi ana asanu ndi anayi."

"Ine ndili naye mmodzi. Bambo ake akutchedwa wakuba."

"Pirirani. Anthu amaiwala."

Anaitana wantchito kuti andiyezere nandolo. Ndinatuluka ndisanamulandire. A Chilombe anandipweteka, koma iwo ndinkatha kunena kuti ndi munthu woipa amene ndinamuyesa wabwino. Che Amidu sanali woipa. Ankadziwa zoona, ankandikonda, tinali titangogwetsa mphumi pamkeka umodzi, ndipo anasankha kukhala chete.

Anthu sanaiwale msanga. M'Balaka munalibe galaja yomwe ikanandilandira, ndipo kubwerera ku Ngokwe ndi dzina limenelo ndinachita manyazi. Tinapita ku Nayuchi, kumalire, komwe kunalibe ondidziwa. Ndinayambanso ndi zigayo ndi njinga, sipanala yobwereka, kenako malole a amalonda. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndidzakhale ndi denga langa la malata ndi dzenje langa.

Tsabola anaikonza, ndinamva, koma sinabwererenso mwakale. Panalibe woidziwa makabuleta ake, ndipo Che Amidu anaigulitsa kwa munthu wa ku Limbe. A Chilombe ndinakumana nawo kamodzi kokha, pamaliro ku Liwonde, atakalamba, akuyendera ndodo. Anandipatsa dzanja n'kufunsa za mwana ngati tinasiyana dzulo. Ndinawayankha kuti ali bwino, wakula akundidziwa.

Achikulire a ku Balaka amene amakumbukira tsiku lija amati Ng'ona inapambana, ndiye kuti inali yoposa. Akandifunsa ine ndimawauza zomwe ndinaona. Pamsewu wowongoka, wautali, utanyamula banja, Ng'ona inali galimoto yabwino, ndipo inkapirira nkhanza zomwe Tsabola sikanapirira. Koma paliwiro ndi pamakhota Tsabola inali patsogolo kutali, ndipo ndinali m'katimo. Sinagonje kwa Ng'ona. Inagonja kwa mpeni, ndi kwa ine amene ndinachotsa dzanja pachotsegulira.

Chimenecho ndicho ndinasunga. Pagalaja panga galimoto siituluka ndisanatsegule boneti ndekha, kugwira lamba ndi chala, kumutembenuza kuona m'kati, kuyang'ana madzi ndi oyilo, n'kutseka ndi dzanja langa. Zilibe kanthu kuti mwini wake akufulumira, kapena kuti wakonza ndi ndani. Mwana wanga uja tsopano ndi makaniko woposa ine, ndipo tsiku lina anakwiya.

"Ababa, ndaonamo kale. Kodi simundikhulupirira?"

"Ndimakukhulupirira kwambiri," ndinatero. "Tsegula."